GED, HiSET kapena njira ina: kusankha mayeso olowa m'malo mwa satifiketi ya sekondale

Munthu wamkulu amene wafika ku America wopanda satifiketi ya sekondale sachedwa kumva za GED, mayeso olowa m'malo mwa satifiketiyo. Amamva kutchalitchi, amamva kuntchito, amamva kwa achibale amene anatsogola, ndipo onse amaitchula ngati palibenso njira ina. Njira zilipo zingapo, ndipo zimasiyana pa zinthu zimene zingakudyereni chaka chathunthu mukasankha mwachimbulimbuli. Ku America komweko kuli GED, HiSET ndi pulogalamu ya NEDP. Ku Canada GED inatha, m'malo mwake munalowa CAEC. Abale athu a ku Johannesburg ndi a ku Manchester ali ndi njira zawo zowathandiza koposa GED. Mfundo yanga m'nkhani ino ndi imodzi: mayeso amasankhidwa poyang'ana amene adzalandire pepalalo, koleji iti, bwana uti, dziko liti. Zakuti mayeso ofewerapo ndi ati zimabwera pambuyo.

Ndiyambe ndi inu amene mwina simukufunika kulemba mayeso ena alionse. Ngati munakhoza MSCE, kapena Grade 12 ya ku Zambia, kapena O Level ya ZIMSEC, pepala lanulo lisangogona m'sutikesi. Ku America kulibe ofesi imodzi ya boma younika masatifiketi ochokera kunja. Ntchitoyi imagwiridwa ndi mabungwe omwe si aboma, monga World Education Services ndi ena a mumgwirizano wa NACES, ndipo koleji iliyonse imanena yokha kuti imalandira lipoti la bungwe liti. Choncho pitani kaye ku ofesi yolembera ophunzira pa koleji imene mukuifunayo, muwaonetse satifiketi, muwafunse ngati angailandire ikaunikidwa. Safunsa anadya phula. Akavomera, mwapulumuka miyezi yowerenga usiku mutatopa ndi ntchito. Akakana, kapena ngati satifiketi inasowa ndipo kuilondola kumudzi kungatenge nthawi yaitali kuposa kukonzekera mayeso, zotsatirazi ndi zanu. Ndi zanunso ngati munalekezera Fomu 2 kapena Fomu 3 chifukwa cha fizi, kapena munakulira ku Dzaleka n'kusamutsidwira ku America sukulu isanathe.

GED: maphunziro anayi, onse pa kompyuta

GED ndi yakale. Inayamba mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, kuti anyamata amene anasiya sukulu n'kulowa usilikali akhale ndi njira yosonyezera kuti akudziwa zimene womaliza sekondale amadziwa. Bungwe la American Council on Education ndilo linkaiyendetsa, kenaka mu 2011 linagwirizana ndi kampani ya Pearson. Mu 2014 anatulutsa mayeso amene akulembedwa lerowa. Maphunziro anachoka pa asanu kufika pa anayi, pepala ndi pensulo zinachotsedwa, ndipo mtengo unakwera. Kusinthaku n'kumene kunachititsa maboma a zigawo (states) zina za America kufuna mayeso ena, ndipo HiSET inayamba chaka chomwecho. Mbiri imeneyi muidziwe, chifukwa achimwene amene analemba GED mu 2010 akakuuzani mmene zinawayendera, akunena mayeso amene kulibenso.

Chingerezi, chimene amachitcha Reasoning Through Language Arts, chimatenga mphindi 150, kuphatikizapo mphindi 10 zopuma ndi mphindi 45 zolemba chimangirizo. Masamu, Mathematical Reasoning, ndi mphindi 115. Science ndi mphindi 90, Social Studies mphindi 70. Zonse pamodzi zimangopitirira pang'ono maola asanu ndi awiri, koma palibe amene amakukakamizani kuzilemba tsiku limodzi. Mumalembetsa phunziro limodzi, mumalipira limodzi lomwelo, mukakhoza zotsatira zimasungidwa, n'kupita ku lina mukakonzeka. Kwa mayi amene amagwira mashifiti ausiku kosamalira okalamba, ichi n'chachikulu. Mayeso a MANEB amabwera kamodzi pachaka, maphunziro onse nthawi imodzi, pomwe awa mumawaduladula malinga ndi mpata wanu ndi m'thumba mwanu.

Malikisi a phunziro lililonse amayambira pa 100 kulekezera 200, ndipo kukhoza ndi 145. Poyamba kunali 150, anatsitsa mu 2016. Phunziro lililonse limaima palokha, moti 190 ya sayansi singakweze 143 ya masamu. Amene wapeza 165 mpaka 174 amati ndi College Ready, ndipo makoleji ena samulembetsanso mayeso oona ngati akufunika makalasi okonzekeretsa. Kuyambira 175 kupita m'mwamba munthu akhoza kupatsidwa makirediti, amene amawerengedwa pa digiri, pa makoleji amene amavomereza dongosololi. Ngati mukulinga ku unamwino kapena maphunziro ena apamwamba, musakhutire ndi 145. Makalasi okonzekeretsawo amalipiridwa ngati ena onse koma nthawi zambiri sawerengedwa pa digiri, ndiye mwezi umodzi wowonjezera pokonzekera GED ukhoza kukupulumutsirani teremu yathunthu ndi ndalama zake.

Mafunso ambiri ndi osankha yankho limodzi pa anayi. Alipo ena ofuna kukoka chinthu ndi mausi n'kuchiika pamalo pake, kusankha mawu pa kamndandanda kotsika, kudina malo oyenera pa girafu kapena pa mapu, ndi kutayipa yankho m'kabokosi. Wachinyamata wozolowera kompyuta saonapo vuto. Koma ambiri a ife tinazolowera foni osati kiyibodi, ndipo kutayipa chimangirizo ndi zala ziwiri, wotchi ikuwerenga pakona ya sikirini, kumagwetsa anthu odziwa bwino zinthu.

Pa chimangirizocho tikhalepo pang'ono, chifukwa n'chosiyana kwambiri ndi chimene tinaphunzira kwathu. Sakupatsani mutu woti mufotokoze tsiku losaiwalika kapena kulembera kalata mkonzi wa nyuzipepala. Amakupatsani nkhani ziwiri zotsutsana pa mutu umodzi. Tiyerekeze kuti wina akuti mzinda uletse majumbo apulasitiki, mnzake akuti usaletse. Ntchito yanu ndi kunena kuti mwa awiriwo wabweretsa umboni wolimba ndani, n'kusonyeza chifukwa chake potola mfundo m'nkhani momwemo. Maganizo anu pa za majumbo sakufunika. Mukhoza kukhala kuti majumbowo mumadana nawo, koma ngati wowaikira kumbuyo ndiye watchula ziwerengero ndi kafukufuku pomwe mnzakeyo wangodandaula, muyenera kunena zimenezo. Pochonga amayang'ana zinthu zitatu: mmene mwagwiritsira ntchito umboni, mmene mwasanjira ndime zanu, ndi galamala. Mawu akuluakulu ndi miyambi ya Chingerezi imene tinkakometsera nayo mawu oyamba sizipindula kanthu apa. Ndime zinayi kapena zisanu zomveka, iliyonse itagwira mfundo imodzi ndi umboni wake, n'zimene zimafunika. Mbali yowerenga nayonso ili chimodzimodzi: magawo atatu mwa anayi a zowerenga ndi nkhani zofotokoza zinthu zenizeni, zolemba za kuntchito, za sayansi ndi za boma, ndipo nthano zopeka ndi gawo limodzi lokha.

Social Studies ndi pamene munthu wobadwira kunja amayambira kumbuyo kwa anzake. Pafupifupi theka la mayesowa ndi kayendetsedwe ka boma la America ndi ufulu wa nzika. Mbiri ya America imatenga 20 pa 100, za chuma 15, ndipo jogalafe ndi za dziko lapansi 15. Sakufunsani kuloweza madeti. Amakupatsani ndime, katuni ya ndale, tebulo kapena mapu, n'kufunsa chimene chikutuluka m'menemo. Vuto n'lakuti ndime yotengedwa m'malamulo aakulu a dziko a 1787, kapena m'mawu a Abraham Lincoln, ili m'Chingerezi chakale, ndipo amene sadziwa mmene boma lawo linamangidwira amathera mphindi zake pa kumasulira m'malo moyankha. Kwathu Nyumba ya Malamulo ndi imodzi ndipo pulezidenti timamusankha ndi mavoti athu mwachindunji. Kwawo Congress ili ndi nyumba ziwiri, Senate ya anthu 100, awiri pa chigawo chilichonse, ndi House of Representatives ya anthu 435, ndipo pulezidenti amadutsira ku Electoral College, gulu la nthumwi za zigawo zimene zimamuvotera, kumene kumafunika mavoti 270 mwa 538. Muyenera kudziwa kuti Bill of Rights ndi zosintha khumi zoyambirira za malamulo aakuluwo zimene zinavomerezedwa mu 1791, kuti nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 ndiyo inatsogolera ku kutha kwa ukapolo, kuti mlandu wa Brown v. Board of Education wa 1954 unaletsa tsankho m'sukulu za boma, ndi kuti lamulo la Civil Rights Act linabwera mu 1964. Muyeneranso kumvetsa kuti mphamvu zina ndi za boma la ku Washington, zina ndi za maboma a zigawo. Chotonthoza n'chakuti zambiri mwa izi n'zomwezo zimene zimafunsidwa pa mayeso otengera unzika, ndiye khama lanu lidzagwira ntchito kawiri.

Sayansi siyenera kuopsa aliyense amene anafikako Fomu 3. Za zamoyo zimatenga 40 pa 100, za physics ndi chemistry 40, za dziko ndi zakuthambo 20. Kulibe mayeso a mu labu. Chimene amafuna n'chakuti muwerenge lipoti la kafukufuku, muone chimene ofufuza anasintha ndi chimene anayeza, mumasulire girafu, ndi kuzindikira ngati zimene akunena pomaliza zikugwirizana ndi ziwerengero zawo.

Masamu ndi phunziro limene anthu ambiri amalisiya mpaka kumapeto. Kuposa theka, pafupifupi 55 pa 100, ndi algebra, ndipo zotsalazo ndi mafulakishoni, maperesenti, kuyeza malo ndi kukula kwa zinthu, ndi kuwerenga ziwerengero. Mafunso asanu oyambirira amalembedwa popanda kalikuleta. Otsalawo mumagwiritsa TI-30XS, imene imaoneka pa sikirini pomwepo, ndipo amakupatsani pepala la mafomula. Kalikuleta imeneyi muigule kapena muibwereke msanga kuti zala zizolowere, chifukwa mabatani ake a mafulakishoni ndi osiyana ndi a zimene tinkagwiritsa kusekondale. Chinanso chimene chimapunthwitsa ndi miyezo. Funso likhoza kukhala losavuta, koma lili m'mainchi, mafiti, mapaundi ndi magaloni. Dziwani pamtima kuti mainchi 12 ndi futi imodzi, mafiti atatu ndi yadi imodzi, ndipo maaunsi 16 ndi paundi imodzi.

HiSET: maphunziro asanu, ndipo pepala likadalipo

HiSET inakonzedwa ndi Educational Testing Service, eni ake a mayeso a TOEFL, mogwirizana ndi Iowa Testing Programs ya ku University of Iowa. Masiku ano ikuyendetsedwa ndi kampani ya PSI. Imagawa Chingerezi pawiri: kuwerenga, mphindi 65, ndi kulemba, mphindi 120. Masamu ndi mphindi 90, sayansi 80, Social Studies 70. Mukaphatikiza mupeza mphindi 425, ndendende ndi za GED, ndiye pa kutalika palibe wopambana mnzake. Kusiyana kuli pa kalembedwe ndi pa kachongedwe.

Mafunso onse a HiSET ndi osankha yankho, kupatula chimangirizo chimodzi. Kalikuleta imaloledwa pa masamu onse. M'malo ambiri olembera mumatha kusankha pepala ndi pensulo m'malo mwa kompyuta, ndipo kwa bambo wa zaka makumi asanu amene sanagwirepo kiyibodi, ichi chokha chikhoza kuthetsa mkangano wonse. Chimangirizo chake chimachokeranso pa nkhani ziwiri zotsutsana, koma chimakulolani kutenga mbali yanu n'kuiteteza ndi umboni wa m'nkhanizo, zomwe zili pafupi ndi zimene tinazolowera pa mtsutso wa kusukulu.

Kachongedwe kake kali motere. Phunziro lililonse limachongedwa pa 20, ndipo muyenera kupeza osachepera 8 pa lililonse, osachepera 2 mwa 6 pa chimangirizo, ndi 45 mukaphatikiza onse asanu. Onani bwino apa. Mutapeza 8 pa maphunziro onse asanu mungangofika pa 40, ndiye kukhoza lililonse mwapang'onong'ono sikukwanira. Pakufunika mapointi ena asanu ochokera kumene muli ndi mphamvu. Munthu wofooka pa masamu koma wakuthwa powerenga akhoza kupeza 8 pa masamu, 13 pa kuwerenga, 8 pa ena atatuwo, n'kudutsa. Amene anawerengetserapo mapointi a MSCE pa maphunziro asanu ndi limodzi okhoza bwino sangavutike kumvetsa zimenezi, bola akumbukire kuti pa HiSET nambala yaikulu ndiyo yabwino. Chizindikiro choti munthu wakonzeka kupita ku koleji ndi 15 pa phunziro, ndi 4 pa chimangirizo. Phunziro lililonse mungalilembe katatu pa chaka. Ku GED, mukalephera katatu m'malo olembera mayeso mumadikira masiku 60, ngakhale zigawo zina zimawonjezerapo malamulo awo.

Kodi HiSET ndi yofewa kuposa GED? Anthu amatero, koma zimene ziwirizi zimayesa n'zofanana kwambiri, ndipo algebra imene mukuithawa ku GED mukaipezanso ku HiSET. Ine ndimaona chonchi. Ngati mumatayipa bwino, mukufuna zotsatira msanga, ndipo mukulinga ku koleji kumene 165 kapena 175 ingakupindulitseni, tengani GED. Ngati kompyuta imakunjenjemeretsani, kapena mphindi 150 za Chingerezi pa mpando umodzi n'zambiri kwa inu, HiSET ikuyenerani, popeza kuwerenga ndi kulemba mungazilembe masiku osiyana. Zonse ziwiri zimapezeka m'Chingerezi ndi m'Chisipanishi basi, ndiye kwa ife Chingerezi n'chosathawika, ndipo liwiro lowerengera ndilo limagamula zambiri ngakhale pa sayansi ndi masamu.

Koma musanasankhe, fufuzani chimene chigawo chanu chimalola, pakuti satifiketi imaperekedwa ndi boma la chigawo, osati kampani ya mayeso. GED imapezeka m'zigawo zambiri kuposa HiSET. Zina zili ndi onse awiri, ndipo kumeneko pepala limene mumalandira pamapeto nthawi zambiri ndi limodzimodzi. Msinkhu nawonso umasiyana: osachepera zaka 16 kulikonse, koma zigawo zambiri zimafuna 18 pokhapokha pali chilolezo chapadera. Zina zimafuna umboni woti mumakhala m'chigawomo. Mtengo nawo ndi wosiyana, ndipo ku New York mayesowa salipiritsa. Kunalinso mayeso achitatu, TASC, amene anatha kumapeto kwa 2021. Indiana, kumene kuli Amalawi ambiri chakumpoto ku South Bend, inasamukira ku HiSET chaka chimenecho, ndipo New York inabwerera ku GED mu January 2022. Wina akakupatsani buku lolembedwa TASC pachikuto, masamu ake mukhoza kuyeserapo, koma kalembedwe ka mayeso musatengere m'menemo.

Kuyambira 2020 GED imalembedwanso pa intaneti munthu ali kunyumba, woyang'anira akuona pa kamera. Kuti akuloleni muyenera kukhala mutapeza mtundu wobiriwira pa mayeso oyeserera a GED Ready m'masiku 60 apitawo, ndipo pamafunika chipinda chanokha chopanda wolowa kapena kuyankhula. Ambiri a ife timakhala angapo m'nyumba imodzi, ana akuthamanga, wina akuchokera ku shifiti. Mwana akangotsegula chitseko mayeso akhoza kuimitsidwa. Ngati malo olembera ali pafupi, pitani kumeneko.

Njira yopanda chipinda cha mayeso

Pali anthu ena amene amadziwa ntchito, alera ana, ayendetsa mabizinesi, koma akangokhala pa mpando wa mayeso mutu umaima. Kwa iwowa kuli National External Diploma Program (NEDP), imene inayambira ku New York m'zaka za m'ma 1970 ndipo tsopano ikuyendetsedwa ndi bungwe la CASAS. Mumayamba ndi mayeso aafupi oona ngati kuwerenga, kulemba ndi masamu anu zafika poyenera. Kenaka mumagwira ntchito zingapo pa kompyuta pa nthawi yanu, zokhudza zaumoyo, kasamalidwe ka ndalama, boma, mbiri, sayansi ndi za kuntchito, n'kumakumana ndi wounika amene amatsimikiza kuti mwachita nokha ndipo mwamvetsa. Chilichonse chiyenera kukhozedwa bwinobwino. Cholakwika mumachibwereza mpaka chilongosoke. Zimatenga miyezi ingapo, ndipo pamapeto mumalandira diploma ya sekondale. Kuipa kwake n'kwakuti imapezeka m'zigawo zochepa, monga New York, Connecticut, Maryland, Virginia ndi mzinda wa Washington, D.C., ndiponso imafuna munthu wodziletsa, poti palibe tsiku la mayeso lomuthamangitsa.

Ngati simuli ku America

Ku Canada GED inasiya kulembedwa mu May 2024. M'malo mwake muli Canadian Adult Education Credential (CAEC), imene chigawo cha Alberta chinatsogolera kukonza. Ili ndi maphunziro asanu, kuwerenga, kulemba, masamu, sayansi ndi Social Studies, imalembedwa m'Chingerezi kapena m'Chifalansa, ndipo kukhoza ndi 55 pa 100. Za boma ndi mbiri ndi za Canada, kuphatikizapo za mitundu ya anthu amene anali eni nthaka Azungu asanabwere, ndiye buku la GED la ku America silikuthandizani pa phunziro limenelo. British Columbia ili ndi njira yakeyake, diploma ya akuluakulu imene amaitcha Adult Dogwood.

Ku South Africa n'kumene ndikufuna kuchenjeza kwambiri, chifukwa GED imatsatsidwa kumeneko ngati njira yachidule yopezera matric, satifiketi yawo ya sekondale. Kuyambira 2019 bungwe la Universities South Africa linasiya kuilandira ngati njira yolowera maphunziro a digiri. Musanalipire kalikonse, funsani ku koleji imene mukufuna ndi ku SAQA, bungwe la boma lounika masatifiketi, ndipo yankho likhale lolembedwa. Njira ya dzikolo ya akuluakulu ndi Amended Senior Certificate, ya anthu a zaka 21 kupita m'mwamba amene anafika Grade 9 kapena zofanana nayo. Ndi maphunziro asanu ndi limodzi, amalembedwa mu May ndi June pansi pa Department of Basic Education, ndipo satifiketi imachokera ku Umalusi, bungwe lotsimikizira mayeso m'dzikolo. Awiri mwa maphunzirowo ndi zinenero zovomerezeka za dzikolo, ndiye munthu wakwathu ayenera kukafunsa bwino ku ofesi ya maphunziro za chinenero chachiwiricho. Ndi njira yaitali kuposa GED, koma pepala lake aliyense wolemba ntchito ku Gauteng kapena ku Cape Town amalidziwa.

Ku Britain kulibe mayeso amodzi olowa m'malo mwa sekondale yonse. Chimene amafunsa kawirikawiri ndi GCSE, mayeso awo a sekondale, ya Chingerezi ndi ya masamu pa giredi 4, imene kale inali C. Functional Skills Level 2 ndi yachidule ndipo olemba ntchito ambiri amailandira, koma maphunziro a uphunzitsi ndi mayunivesite ena amafunabe GCSE. Wofuna kulowa yunivesite ali wamkulu, makamaka pa unamwino, amadzera ku Access to Higher Education Diploma, ya makirediti 60, imene ambiri amaimaliza chaka chimodzi. Satifiketi yochokera kumudzi imaunikidwa ndi bungwe la UK ENIC.

Nanga amene mtima uli kumudzi? Mayunivesite a boma ku Malawi amafuna makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, kapena zofanana nazo, ndipo maphunziro ambiri amatchula phunziro lenileni: kirediti ya Biology, ya Chemistry, ya Physics. GED ili ndi nambala imodzi yokha ya sayansi yonse, choncho sionetsa zimene iwo akufuna kuona. Ngati cholinga n'kubwerera kukaphunzira ku Kamuzu University of Health Sciences kapena ku LUANAR, kulemba MSCE ngati external kudzera ku MANEB ndi njira yowongoka. Ku Zambia njira yofanana nayo ndi mayeso a GCE a Examinations Council of Zambia.

Chimene pepalali lingachite ndi chimene silingachite

Ndikufuna kunena izi mosabisa, chifukwa anthu amakhetsa thukuta n'kuyembekezera kuti malipiro akwera mwezi wotsatira. James Heckman, katswiri wa zachuma wa ku University of Chicago amene analandira mphotho ya Nobel mu 2000, anafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri. Anapeza kuti anthu amene anatenga GED n'kulekera pomwepo, malipiro awo amayandikira a amene anasiya sukulu kusiyana ndi a omaliza sekondale mwa nthawi zonse. Asilikali a America nawonso amaika wa GED pa mndandanda wachiwiri polemba anthu, pokhapokha atawonjezera makirediti 15 a koleji. Phindu lenileni la pepalali lili pa zimene limakulolani kuyamba. Popanda ilo, sukulu ya unamwino ngakhale ya LPN, unamwino wa gawo loyambira, sikulandirani, maphunziro ambiri a ntchito zamanja amakukanani, ndipo thandizo la boma la fizi, monga Pell Grant kwa nzika, okhala ndi green card ndi othawa kwawo, limavuta kulipeza. N'chifukwa chake ndikuti dziwani kosi imene mukufuna musanalembetse mayeso, ndipo tsiku limene zotsatira zatuluka fomu ya koleji ikhale ili kale patebulo.

Chenjeraninso ndi mawebusayiti olonjeza diploma m'masiku ochepa mukangolipira ndi kuyankha timafunso tochepa. Mapepala amenewo makoleji amawakana, ndipo ndalama sizibwerera. GED yeniyeni imalembetsedwa pa ged.com, HiSET pa webusayiti ya HiSET, ndipo paliponse pamakhala woyang'anira ndi chiphaso chokhala ndi chithunzi chanu. Makalasi okonzekera simukuyenera kuwagula modula. Pafupifupi mzinda uliwonse uli ndi malo ophunzitsira akuluakulu othandizidwa ndi boma, pa community college, ku laibulale kapena m'sukulu za boma madzulo, aulere kapena otsika mtengo, ndipo ambiri amaphunzitsanso Chingerezi ndi kutayipa. Amayamba ndi kukuyesani kuti aone pamene muli. Musachite manyazi akakuikani m'kalasi yotsika. Zaka khumi kapena makumi awiri osagwira buku zimaiwalitsa aliyense.

Pa dongosolo lolembera, yambani ndi phunziro limene mayeso oyeserera akusonyeza kuti mwakonzeka, kuti muzolowere chipinda ndi wotchi. Kwa ambiri amene anadutsa sekondale ya kwathu limakhala sayansi. Social Studies ndi Chingerezi muziwerengere pamodzi, popeza zonse zimadalira kuwerenga ndime msanga ndi kutola umboni. Masamu okha musawadikiritse. Ayambeni sabata yoyamba, theka la ola tsiku lililonse, ngakhale mudzawalembe pomaliza, ndipo tsiku lowalembera mulisungitse maphunziro ena asanathe.